Cikalata ca ku Cape Town cikayesedwa pa msewu wa Mandimba

Caka ca 2002, nthumwi za maiko 20 zinakumana mu mzinda wa Cape Town ku South Africa kukambirana za anthu oyenda kukaona malo a eni. Msonkhanowo unatulutsa cikalata cochedwa Cape Town Declaration, ndipo kuyambira pamenepo mau akuti turismo responsável, kutanthauza kuyenda kosaononga malo ndi anthu ake, afalikira ponseponse. Kuno afikanso. Timawamva akuluakulu akamatsegula misonkhano ku Lichinga, timawaona pa zikwangwani za mabungwe, ndipo ife a pa wailesi timapatsidwa zilengezo zokhala ndi mau omwewo kuti tiwerengere omvera. Cinthu cimene cikunenedwa m'dzina lathu n'coyenera kuti ticiunike tokha. M'nkhani ino ndikufuna kuyesa cikalataco pa msewu wathu wa N13, kucokera ku Cuamba, kudzera pa Mandimba, kukafika ku Massangulo m'boma la Ngauma, tione pamene cikutikwana ndi pamene cikutithina.

Mfundo zake si zambiri. Cimati ulendo wabwino ndi umene suononga cilengedwe ndi kakhalidwe ka eni malo, umene umasiya phindu m'manja mwa eni mudzi, umene umawalowetsa pa zokambirana zokhudza moyo wao, umene umathandiza kusunga miyambo, umene umapereka mpata kwa olumala, ndiponso umene umabala ulemu pakati pa mlendo ndi womulandira. Cimatinso malo akhale abwino kwa okhalamo monga mmene akufunira kuti akhale abwino kwa odzaona.

Pamenepa tiyamike, pakuti kale sizinali conco. David Livingstone anadutsa m'dziko lino mu 1866, anakhala masiku ku Mwembe kwa Mataka, natsikira kunyanja. Zimene analemba za makolo athu zinawerengedwa ku London, makolowo osadziwa kuti ajambulidwa motani. Pambuyo pake dziko lonse la Niassa linaperekedwa ku Companhia do Niassa, imene inalilamulira mpaka 1929, phindu likupita kwa eni kampani amene ambiri a iwo sanapondepo fumbi lathu. Ndiye pepala likamati mwini malo ayambe wafunsidwa, limenelo ndi phazi limodzi lopita kutsogolo. Koma phazi limodzi silifikitsa munthu ku Cuamba.

Mlendo ndi ndani?

Vuto loyamba la cikalataci lili pa kagawidwe ka anthu. Cikuona dziko ngati lili ndi magulu awiri: ena oyenda, ena okhala pakhomo kudikira oyendawo. Ife catiika m'gulu laciwiri.

Koma taimani m'mawa pa cipata ca Mandimba muone amene akuoloka kupita ku Chiponde ndi amene akucokerako. Amai a matumba a nyemba ndi nandolo, anyamata a kabaza ndi njinga zamoto, odwala opita kukafuna mankhwala ku Namwera kapena ku Mangochi, a ku maliro, a ku sadaka, a ku ukwati, ana asukulu obwera kudzaceza kwa agogo. Mzungu wa cikwama kumsana amaoneka mwa apo ndi apo. Alendo enieni a msewu uno ndife tomwe, anthu a mtundu umodzi amene tinadulidwa pakati ndi mzere umene Britain ndi Portugal anagwirizana mu 1891.

Kuyenda sitinayambe lero. Ayao ankayenda miyezi wapansi kukafika ku Kilwa ndi ku Ilha de Moçambique ndi minyanga ya njovu, ndipo tisabise, ankapitanso ndi akapolo. Agogo athu anakwera kupita ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Rhodesia. Pa nkhondo ya zaka 16, Amozambiki okwana miliyoni anathawira ku Malawi, nabwerera pambuyo pa mtendere wa 4 de Outubro 1992. A msinkhu wanga ambiri kuno m'malire tinaphunzira kuwerenga m'masukulu a ku Malawi, tikudya nsima ya anthu amene nawonso anali ndi njala yao. Tikudziwa kulandira, tikudziwanso kulandiridwa. Paja amati kwa eni kulibe mkuwe, mutu wa nkhuku ndi ciwalo.

N'cifukwa cake ndimadabwa mau akuti ulendo wosasankha akamathera pa mlendo wobwera ndi ndege. Mu 2023 boma lathu linacotsa viza kwa nzika za maiko 29, kuphatikizapo Portugal, kuti zizibwera mosavuta. Cimeneco n'cabwino pa malonda. Koma mtsikana wa ku Ngauma amene wamaliza kalasi ya 12 akafuna kukaona Lisboa, mzinda umene anauphunzira m'buku, ayenera kusonyeza mapepala a kubanki, kalata yomuitana ndi tikiti yobwerera, ndipo angakanidwebe. Citseko cimatseguka mbali imodzi. Ndipo dziko lomwelo limene linacereza msonkhano wa 2002 ndi limene mu 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi obwera, ena mwa iwo ocokera kuno kwathu. Olemba cikalata anganene kuti iwo ankakamba za okaona malo, osati okafuna ganyu. Ndi zoona. Koma ulemu pakati pa mlendo ndi womulandira sungayesedwe ndi kulemera kwa cikwama.

Ndalama zimadutsa kuti?

Vuto laciwiri ndi la phindu. Cikalata cimati phindu litsale kwa eni malo, koma sicifunsa za anthu okhala m'njira yopita ku malowo.

Mtsinje wa Lugenda umayambira pakhomo pathu. Madzi a nyanja ya Chiuta amalowa mu Amaramba, ndipo kucokera mu Amaramba ndi mmene Lugenda amatulukira, nayenda mpaka kukathira mu Rovuma. Kumunsi kwake amadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Niassa, imene inakhazikitsidwa mu 1954 ndipo kukula kwake ndi makilomita 42,000 m'bwalo lonse. M'mbali mwa mtsinjewo muli misasa ya alendo olemera, ena odzajambula nyama, ena odzasaka. Ambiri a iwo amafika pa ndege zazing'ono. Msodzi wa pa Amaramba amene amauzidwa kuti asiye ukonde wa maso aang'ono kuti madzi ndi nsomba zisungike amangomva kulira kwa ndegeyo m'mwamba.

Kunyanja, kufupi ndi Cobué m'boma la Lago, kunakhazikitsidwa Nkwichi Lodge ndi bungwe la Manda Wilderness, limene lagwira nchito ndi midzi yoyandikana nalo pomanga masukulu ndi kuthandiza za ulimi. Ku Sanga kuli Chipanje Chetu, dzina la Ciyao lotanthauza cuma cathu, kumene midzi imalandira gawo la ndalama zocokera ku nyama za m'thengo mwao. Zitsanzo ziwirizi zikusonyeza kuti mau a ku Cape Town angathe kusanduka njerwa ndi malata. Koma alendo ambiri a ku Cobué amalowera pa cilumba ca Likoma. Pa Mandimba sapondapo.

Amene amapondapo amabwera atawerenga kale m'mabuku a oyenda kuti Mandimba ndi posinthira ndalama, pogona usiku umodzi ndi pokwerera chapa. Cuamba amamudziwa ngati pokwerera sitima ya ku Nampula basi. Kale msewu uli wa fumbi, galimoto ikatitimira m'matope nyengo ya mvula, mlendo ankakakamizika kugona m'mudzi ndi kugula cinangwa cootcha. Lero phula lafika, tikuthokoza, koma walira mvula walira matope: makilomita pafupifupi 150 a pakati pa Mandimba ndi Cuamba amatha mlendo asanamve ludzu.

Sitima ya ku Nampula ndiyo imaonetsa bwino nkhani yonseyi. Alendo amaikonda, ndipo amalemba zoyamikira mapiri a ku Malema ndi ku Ribáuè. Sitima ikaima, amai ndi ana amathamangira m'mawindo ndi anyezi, adyo, kabichi, nthoci ndi nkhuku zowamba. Apa ndi pamene ndalama ya mlendo imalowa m'dzanja la mwini mudzi popanda mkhalapakati. Ndipo apa pomwe ndi pamene ndaona mlendo akunenerera mtengo wa nthoci kuti utsike ndi mametikali asanu, kenaka n'kutukula kamera yodula kuposa nyumba ya maiyo, n'kumujambula osapempha. Nthoci walipira monyinyirika, nkhope watenga ulere. Cithunzico cikakhala pa intaneti zaka ndi zaka, mwini nkhope sadzaciona.

Malamulo otiteteza alipo. Lamulo la malo la 1997 limati wofuna malo ayambe wakambirana ndi mudzi. Lamulo lina la 2005 limati magawo 20 pa 100 alionse a misonkho ya mitengo ndi nyama za m'thengo abwerere ku midzi imene zinthuzo zacokera. Koma kuti mudzi ulandire, pafunika komiti yolembetsedwa ndi akaunti ya kubanki, ndipo osainira akhale ndi ziphaso. Kwa mudzi umene banki ili ulendo wa tsiku lathunthu, cimeneco ndi cipika cogona pa njira. Nayo misonkhano yofunsa mudzi ndakhalapo pa ina monga mtolankhani: zonse m'Cipwitikizi, womasulira akudumpha theka la mau, amai atakhala kumbuyo osalankhula, pepala likusainidwa dzuwa lisanapendeke. Midzi ina ya Niassa inaona kale zotere pa nthawi imene makampani a mitengo ya paini ndi bulugamu ankatenga malo, ndipo mikangano yake inatenga zaka. Cikalata ca ku Cape Town cimati tilowetsedwe pa zokambirana. Sicinena kuti m'cinenero canji, kwa masiku angati, ndiponso ngati yankho lathu lakuti iyai lidzawerengedwa.

Ufulu wokana

Apa ndi pamene pali cilema cacikulu ca cikalataci. Cimakamba za kulemekeza miyambo ndi za mlendo kudziwana mozama ndi eni malo, koma paliponse cikuganiza kuti citseko catseguka kale, catsala ndi kalowedwe. Ufulu wa mudzi wonena kuti ici siticionetsa sunalembedwe momveka.

Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu wa Acewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kukhala cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Abale athu a ku Angónia ndi ku Macanga ananyadira, ndipo m'pake. Koma dzina likakula, oitana amaculuka. Gule amene amatuluka pa maliro, pa cinamwali ndi polonga mfumu wayamba kuitanidwa m'mahotela kuti avine mphindi zocepa alendo akudikira cakudya. Ng'oma ndi yomweyo, mapazi ndi omwewo, koma cimene cinamutulutsa ku dambwe palibe. Mlendo amapita akuganiza kuti waona gule, pamene waona nsanza ndi fumbi.

Ife a kuno tili ndi zathu, ndipo si zonse zofanana. Pali magule a pabwalo amene cibadwire cao amafuna oonerera. Nganda ndi cioda za abale athu a kunyanja, kapena beni wa kuno, zimakoma anthu akaculuka. Magulu amayenderana mudzi ndi mudzi, kupikisana kavalidwe ndi kaponyedwe ka mwendo. Mlendo akafika pamenepo, mpatseni mpando, ndipo afupe ovina monga timafupira tonse. Koma pali jando ndi nsondo. Zimene zimacitika ku ndagala si za kamera, ngakhale mlendo atapereka ndalama zogulira mbuzi khumi. Sikiri ndi pemphero. Tsiku lotuluka anamwali ndi cisangalalo ca poyera, koma amene atulukawo ndi ana, ndipo mwana sajambulidwa popanda mau a kholo lake. Mudzi umene sunagwirizane pasadakhale za malire amenewa udzagonja tsiku limene galimoto yoyera idzaima pansi pa mtengo wa mango, cifukwa njala siidziwa mwambo.

Ndipo tisaloze alendo okha. Foni zili m'matumba mwathu. Zinsinsi zambiri zimene zikuyenda pa Facebook ndi pa WhatsApp sizinajambulidwe ndi mzungu. Anajambula ndi mphwathu, kufuna kuti anzake a ku Joni aseke. Sitingapemphe mlendo ulemu umene mwana wa m'nyumba wausiya.

Kodi ulendo wa tanthauzo umaoneka bwanji? Citsanzo cili pafupi, ndipo sicinacokere ku Cape Town. Caka ndi caka m'mwezi wa Agosto, Acewa a maiko atatu amakwera malole ndi mabasi kupita ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Tsiku amaika ndi eni ake, malo ndi a eni ake, cimene cioneke ndi cimene cibisike amasankha ndi eni ake. Alendo a maiko akutali amabwera, amakhala pamene auzidwa. Alomwe a ku Malawi nawo amasonkhana ku Chonde m'boma la Mulanje kukumbukira kumene anacokera, kufupi ndi phiri la Namuli kuno kwathu. Amenewa ndi maulendo a mwambo oposa alionse olembedwa pa zikwangwani, koma powerenga alendo a turismo sawaika patsogolo.

Wofotokoza akhale ndani?

Pa Massangulo pali misyoni imene ansembe a Consolata anayambitsa mu 1928, motsogozedwa ndi bambo Pietro Calandri, pakati pa Ayao acisilamu. Chalichi cake ca njerwa cimaimitsa aliyense wodutsa. Mlendo akafika amamva dzina la wansembeyo ndi caka, n'kujambula, n'kukwera galimoto. Koma njerwazo anaumba ndani? Anasenza ndani mitengo ya denga? Mashehe ndi mafumu a nthawi imeneyo anaulandira bwanji mtanda pakati pa mizikiti? Ana a Asilamu amene anaphunzira ukalipentala ndi kuwerenga pamenepo anabwerera kwao ali anthu otani? Mayankho ali m'mitu ya nkhalamba za ku Ngauma, ndipo caka ciliconse timaika m'manda ena a iwo. Nkhani ya Asilamu ndi Akhristu okhala limodzi zaka pafupifupi 100, kukwatirana ndi kulirana maliro, ndi imene dziko la masiku ano likufunika kumva. Ilipo pa msewu wathu, koma palibe amene anaikonza kuti mlendo aimve.

Njira anationetsa kale Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglican amene anatumikira ku Unangu kuno ku Niassa. Mu 1919 linasindikizidwa buku lake la Chiikala cha Wayao, mbiri ya Ayao yolembedwa m'Ciyao kucokera pa zimene akuluakulu ankasimba. Pa nthawi imene anthu akunja okha ndiwo ankalemba za ife, mwana wa m'dziko anatenga colembera. Patha zaka zoposa 100. Wolondolera alendo amene tikumusowa ndi wa mtundu umenewo: mnyamata kapena mtsikana wa pompano, wodziwa Ciyao, Cinyanja kapena Cimakhuwa pamodzi ndi Cipwitikizi, amene wakhala pansi ndi agogo, ndipo akulipidwa cifukwa ca nzeru zake, osati cifukwa cosenza cikwama.

Mfundo ya olumala ndiigwire mwacidule, pakuti ndi yoonekeratu. Mabomba okwirira anatha kucotsedwa m'dziko lino mu 2015, koma amene anaduka miyendo tikadali nao. Onani mmene munthu wa ndodo amakwerera chapa, kapena mmene wa njinga ya olumala amanyamulidwira ngati thumba kuti alowe m'sitima. Cikalata cikamati olumala apatsidwe mpata, ambiri amaganiza za khomo la hotela. Yambani ndi khomo la sitesheni, la msika ndi la ofesi. Likakwana mbale wathu, mlendo wolumala adzalowanso pomwepo.

Ciweruzo canga

Cikalata ca ku Cape Town ndi cabwino monga ndodo yoyezera amalonda a zokopa alendo, ndipo tiziwakumbutsa mau ake akabwera kudzapempha malo. Koma cinalembedwa ndi maso a woyenda, ndipo casiya zinthu zitatu zimene ife tiyenera kuonjezera tokha: kuti nafenso ndife alendo oyenera ulemu kumene tipita, kuti okhala m'njira ali ndi gawo lao, ndi kuti mudzi uli ndi ufulu wokana.

Zoonjezerazi sizifuna ndalama za bungwe. Malamulo a ulendo tili nao kale. Munthu safika pakhomo osaodira. Wofika m'mudzi amayamba waonekera kwa mfumu, nanena kumene wacokera ndi cimene wadzera. Amapatsidwa madzi asanafunsidwe nkhani. Sapita kumanda yekha. Pocoka amatsazika, ndipo amaperekezedwa. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Anatinso mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, kutanthauza kuti tim'samale pa kanthawi kamene ali nafe, komanso kuti dzuwa likakwera otsala pa nthaka ndife.

Ndikupempha mabungwe a cikhalidwe a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, pamodzi ndi mafumu, mashehe, akulu a mipingo ndi anankungwi, kuti mudzi uliwonse wa m'mbali mwa msewu ukhale pansi mlendo asanafike. Mugwirizane magule amene angaonetsedwe ndi amene sangaonetsedwe. Muike mtengo umodzi wodziwika, ndipo ndalama zake ziwerengedwe poyera, amai ovina ndi ophika alandire m'manja mwao. Mulembe pa thabwa, m'zinenero zathu ndi m'Cipwitikizi, kuti wojambula ayambe wapempha. Musankhe acinyamata awiri kapena atatu oti aphunzire mbiri ya mudzi kwa nkhalamba zikadali moyo. Ife a pa wailesi tili ndi makina ojambulira mau, ndipo nchito imeneyo ndi yathunso. Wina akabwera ndi pepala lofuna malo a m'mbali mwa Amaramba kapena m'tsinde mwa phiri la Mitucué, pepalalo limasuliridwe lonse, ligone m'mudzi masiku, amai alimve paokha, kenaka muyankhe.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sitikumukana. Koma mutu wometedwa ndi wathu, ndiye tinene ndife pamene kalumoko kayambire ndi pamene kalekere.